Kapinga Wosasunga Mapazi

Kunali kale, ndipo ngati mwakhala bwino tiyeni tikhale tonse mpaka kumapeto. Kale lake ndi lija nyama zinali ndi midzi yawo, milandu yawo ndi miseche yawo. Koma si lakale kwambiri ayi, pakuti zinthu za pulasitiki zinali zitafika kale m'dziko, monga mumve.

Kumapeto kwa mudzi wina wa nyama, pamene njira yochokera kutali inkalowera, kunkakhala mayi Nkhanga. Anali amasiye, alimi a mtedza, ndipo nkhokwe yawo inkaima pakati penipeni pa bwalo, kutali ndi mtengo uliwonse. Bwalolo ndiye linali nkhani m'mudzimo. Madzulo aliwonse dzuwa likapendeka ankalisesa lonse, kuyambira kunjira mpaka pachitseko, akuyenda chobwerera kuti asasiyepo ngakhale phazi lawo lomwe. Tsache lawo linkasiya mizere yokhota, wina pamwamba pa unzake ngati nthenga za pamsana. M'mawa, asanasukusule n'komwe, ankatuluka mutu uli pansi kuti aone amene wadutsa.

Ena ankati ndi ukhondo wonyanya. Ena ankati ndi umbombo, akulondera mtedza. Onsewo ankangolankhula poti pakamwa ali napo. Mayi Nkhanga anali ndi mwana mmodzi yekha, dzina lake Mawanga, amene anachoka chaka cha chilala kukafuna moyo kuseri kwa mapiri. Potsanzika anati adzabwera kukadzabiriwira. Kunabiriwira, kunauma, kunabiriwiranso, mpaka anzake obadwa nawo anakwatira n'kubereka, ndipo am'mudzi anayamba kumutchula kuti mtchona. Mawanga anali ndi chala chimodzi chopindika kuphazi lamanzere, chimene msampha unamupweteka ali mwanapiye. Chala chimenecho ndicho mayi ake ankachifuna m'fumbi m'mawa uliwonse. Ankaopa kuti mwanayo angafike iwo ali m'tulo kapena ali kudimba, n'kuchita manyazi kugogoda.

Posesa ankaimba. Nyimbo yake inali yaifupi, yoyenda ndi tsache. Tsache likapita kumanja ankatchula dzina la mwanayo, likabwerera kumanzere ankamuuza kuti njira ndi yosesa, palibe munga, abwere ngakhale chimanjamanja. Njiwa za m'mitengo ya kunjira ndizo zinkavomera. Sindikuimbirani nyimboyo, mungalire nkhani isanayambe.

Tsono m'mudzi momwemo munali Gologolo. Ameneyu ndi khasu sankamwerana madzi, koma nzeru zopezera cha mwini anali nazo zodzaza dengu. Nyimbo ya mayi Nkhanga ankaimva tsiku ndi tsiku, mawu ake osawamvetsera. Iye akamva tsache ankangodziwa kuti njira ya kumtedza ikutsekedwa. Kudumphira pankhokwe kuchokera mumtengo kunali kosatheka, ndiye kuti afike pa mtedza anayenera kuponda pansi, ndipo pansi pake panali ponena zonse.

Ulendo woyamba anauyenda chambuyo. Mbandakucha analowa m'bwalo chobwerera mpaka pankhokwe, nadzaza masaya, natuluka akuyenda bwinobwino. Mapazi onse analoza kunja. Mayi Nkhanga atawaona anaitanitsa a Fulu, oweruza milandu, amene anafika dzuwa litakwera kale monga mwa kayendedwe kawo.

"Onani nokha," anatero Gologolo. "Mapaziwa akuti ndinachoka. Palibe phazi lonena kuti ndinabwera. Munthu amaba bwanji kumene sanapite?"

A Fulu anayang'ana mizere iwiri ya mapaziyo nthawi yaitali.

"Ndiye kuti unabadwira m'nkhokwemu," anatero, "n'kutulukamo kawiri."

Anamulamula kuti aswere mayi Nkhanga dengu la mtedza uku akuimba mluzu osalekeza. A Fulu ankadziwa kuti m'kamwa modzaza simutuluka mawu, moti mluzu ukangoti zii ankatukula ndodo. Gologolo anaswa dengu lonse milomo itasongoka, osalawako ngakhale kamodzi. Madzulo mayi Nkhanga anawola makoko, nasesa bwalo lawo akuimba, njiwa zikuvomera.

Ulendo wachiwiri Gologolo anadalira mchira. Akaponda ankafufuta, akaponda ankafufuta, kupita ndi kubwera. Mapazi anafufutikadi, koma anafufutika pamodzi ndi mizere ya tsache. Kunacha pali msewu wosalala wochokera kutchire mpaka pankhokwe, tiubweya tofiirira tili apa ndi apo. Gologolo anati imeneyo ndi njoka. A Fulu anafunsa kuti njoka zinayamba liti kumera ubweya. Poti mchirawo unkaoneka wokonda ntchito, anamulamula kuti asese nawo bwalo la milandu. Ndipo anamuchenjeza pamaso pa onse kuti akadzapezekanso pankhokwe imeneyo adzamupirikitsa m'mudzi, osadzabwereranso. Madzulo mayi Nkhanga anasesa akuimba, njiwa zikuvomera.

Wina akanalekera pomwepo. Gologolo anakathyola timitengo ta mphanda zitatu, natimangirira kumapazi ake ndi luzi. Anati ngati fumbi limakonda kunena, linene za mbalame.

M'mawa mwake anakhala pamtengo wa kunjira, mimba itadzaza, akudikira kuseka. Mayi Nkhanga anatuluka mutu uli pansi, naona mapazi a zala zitatu akuchokera kunjira. Anathamanga kuzungulira nyumba akuitana Mawanga. Anasuzumira kukhitchini, kuseri kwa nkhokwe, ngakhale mumtondo momwe, ngati kuti mwana uja akadali kamwanapiye kobisala. Kenako anabwerera, nagwada, nayang'anitsitsa. Zala zonse zinali zowongoka, ndipo mbalame yake inkayenda ndi miyendo inayi. Anakhala pansi pomwepo. Kwa a Fulu sanapite, ndipo tsiku limenelo moto sanasonkhe. Madzulo anasesabe, nyimbo ikutuluka modukaduka.

Apo ndi pamene Gologolo anamvetsera mawu a nyimboyo kwa nthawi yoyamba. Chisoni anamvako, tisamunamizire. Koma anadziwanso kuti timitengo sitingamupulumutse kawiri, ndipo chimene anamva kwambiri m'nyimbomo n'chakuti wapeza pogwirira.

Kuseri kwa phiri kunali nyumba ya anthu olemera, yampanda wa njerwa, kumene Gologolo ankapita kukaba mapeyala. Tsiku lina anapezako amisiri akuyala kapinga wachilendo, wa pulasitiki, wobwera wokulungidwa ngati mphasa. Anakhala panthambi akuonerera ntchito yonse kuyambira poyeza mpaka pokhomera. Amisiri atamaliza, galu wa pakhomopo anathamangapo uku ndi uku, ndipo galuyo atapita kukagona Gologolo anatsika kukayang'ana. Panalibe phazi ngakhale limodzi. Udzuwo unkangodzuka wokha munthu akadutsa. Kuseri kwa mpanda amisiri anali atatayako mipukutu yotsala, ndipo Gologolo anaiyang'ana monga munthu ayang'anira mvula yoyamba.

Kwa mayi Nkhanga anapita atasenza kamtolo ka nkhuni. Anakatula kukhitchini, nakhala patali, nawomba m'manja, napepesa za timitengo tija ndi nkhope yogwa. Kenako anafunsa mwaulemu kuti kodi Mawanga potsanzika anati chiyani kwenikweni.

"Anati adzabwera kukadzabiriwira."

"Ndiye mwina wakhala akubwera, mayi."

Mayi Nkhanga anasiya lichero limene linali m'manja.

"Taganizani," anapitiriza Gologolo. "Kumene aliko mvula ikagwa, iye amanyamuka. Ulendo ndi wautali. Pofika pamwamba pa phiri paja, kuno kumakhala kutauma kale. Akayang'ana pakhomo panu amangoona mbuu, ndiye amati nthawi sinakwane, n'kubwerera. Mwana uja ndi wosunga mawu ake, inu mukumudziwa."

Bodza limeneli mwana wamng'ono akanaligwira. Koma munthu amene wadikira zaka zambiri akauzidwa kuti sanaiwalidwe, safunsa mafunso ambiri. Gologolo anawauza za kapinga wosauma, wosafuna madzi, amene chiswe sichimudya, wobiriwira dzinja ndi chilimwe chomwe. Anati Mawanga akadzaima paphiri nthawi ina iliyonse adzaona kuti kwawo kwabiriwira.

Mayi Nkhanga anapukusa mutu. Anati kwathu kuno udzu ukafika pachitseko ndiye kuti ndi bwinja, mwini wake anasamuka kapena anamwalira. Gologolo anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu woyenda. Anati umenewo ndi udzu wa tchire, wautali, wa njoka. Uwu ndi kapinga, wamfupi, wofanana, wa anthu olemera. Mawanga wayenda, waona nyumba za m'tauni, adzazindikira msanga kuti mayi ake akukhala bwino. Za tsache anati msana wawo watopa, upume.

"Nanga mapazi ake ndidzawaona bwanji?"

"Mudzawafuniranji mapazi, mayi, mwini mapazi ali pakhonde akudya?"

Mayi Nkhanga anati ayambe aganiza kaye. Madzulo anasesa akuimba, ndipo nyimbo inathera pa funso limene njiwa zinasowa povomerera. Ankafunsa mwanayo ngati zili zoona kuti amaima paphiri n'kubwerera. M'mawa mwake anaitanitsa Gologolo.

Musaganize kuti iye anagwira khasu. Anawauza kuti aphike thobwa aitane dima, am'mudzi adzathandize ntchito, moti ogwira ntchito yobisa mapazi a wakuba anadyetsedwa ndi mwini mtedza yemwe. Njiri ndiye anakakoka mipukutu kuseri kwa phiri. Gologolo anangoyenda ndi chingwe, akuyeza kuyambira pakhonde mpaka kunjira, akukhoma zikhomo m'ngodya, akutchula mawu a amisiri amene iye mwini sankawamva. Njiri anapala dothi lonse lapamwamba, fumbi lofewa lija losesedwa zaka ndi zaka, nakalitaya kudzala. Mfuko, amene ankakhala pansi pa bwalolo, anauzidwa kuti asamuke chifukwa akadzatukula dothi kapinga adzachita zitunda. Anachoka akung'ung'udza kuti agogo ake anabadwira pomwepo, koma palibe anamumvera.

Ogwira ntchitowo anathira timiyala, pamwamba pake mchenga, akupendeketsa pang'ono kuti madzi a mvula azitsikira kunjira. Anaitana Mvuu kuti apondeponde, ndipo Mvuu, atamwa thobwa la anthu anayi, anaponda ndi mtima wonse mpaka pansi panati gwa ngati thanthwe. Kenako anafunyulula mipukutu. Gologolo ankakalipa kuti udzu wonse ugonere mbali imodzi kuti polumikiza pasaoneke. M'mphepete anakhomeramo minga ya Nungu, pafupipafupi kwambiri, kuti mphepo isadzanyamule. Mafuwa anawasamutsira kuseri kwa nyumba poti moto ungasungunule kapinga. Pozungulira nkhokwe pokha ndi pamene Gologolo anagwira yekha ntchito, akudula mosamala kuti pasatsale fumbi ngakhale la phazi limodzi. Atamufunsa chifukwa chake anati akuopa chiswe.

A Fulu anafika ntchito itatha. Anayendapo pang'ono, nacheuka kuyang'ana m'mbuyo mwawo.

"Bwaloli lakongola," anatero, "koma latseka pakamwa."

Anthu anali atakhuta thobwa, ndiye anangoseka.

Pakhomo pa mayi Nkhanga panabiriwira pakati pa chilimwe. Nyama za midzi ina zinkabwera kudzaona. Gwape analumako, natafuna, nakalavulira kuseri kuti asachititse manyazi mwini khomo. Onse ankayamikira, ndipo mayi Nkhanga ankangoyang'ana kuphiri.

Koma dzuwa likafika pamutu kapingayo ankatentha mapazi. Ziwala sizinkaterapo. Posamba fumbi panalibe, ndipo nkhanga yosasamba fumbi thupi limaiyabwa. Choncho mayi Nkhanga anayamba kutseka chitseko m'mawa n'kukaswera kudimba, pamthunzi. Madzulo ankatenga tsache mwachizolowezi n'kuima nalo pakhonde. Panalibe chosesa. Anayesa kuimba chikhalire, nyimbo inakana, poti inazolowera kuyenda ndi tsache. Njiwa zinadikira, zinatopa, zinasamukira kwina. Tsache lija analilowetsa m'nyumba kuseri kwa chitseko. Mtedza unkatsika m'nkhokwe ndipo iwo ankaona, koma umboni analibe, ndiponso mtima wawo sunali pa mtedza.

Gologolo ananenepa mpaka mchira unayamba kuoneka waung'ono. Za mbandakucha anasiya. Ankabwera dzuwa lili pamutu, akuyenda monyada pa kapinga wake, akulumphalumpha potentha.

Tsiku lina ali m'nkhokwe, masaya atafufuma mbali zonse ziwiri, anamva wina akubwera kunjira. Anasuzumira pakampata. Panali nkhanga yaimuna, yowonda, yotuwa ndi fumbi la ulendo, kaphukusi kumsana, m'manja tsache latsopano la mlaza. Inkatsimphina pang'ono kumanzere. Gologolo sanafunike womuuza kuti ameneyo ndani.

Mawanga anaima pamene fumbi la njira linathera. Anayang'ana udzu kuyambira pamapazi ake mpaka pachitseko chotseka. Anafuna mizere ya tsache, sanaione. Anafuna mafuwa ndi phulusa pamalo pamene anawasiya, sanawaone. Anatchera khutu, ngakhale njiwa imodzi sinalire. Anati odi, mawu ali pansi. Anadikira, natinso odi.

Zija ananena Gologolo zoti mwanayo waona nyumba za m'tauni zinali zongopeka. Zaka zonsezo Mawanga anali m'minda ya eni ake akugwira ganyu, akuchita manyazi kubwera wopanda kanthu, mpaka anaona kuti bola kubwera ndi tsache lokha kusiyana ndi kusabwera. Kwa iye udzu wofika pachitseko unali ndi tanthauzo limodzi lokha.

"Mayi anga ali moyo sakanalola udzu kufika apa," anadzilankhulira. "Ndachedwa."

Mawu ofunika pamenepo anali ochepa. Ali moyo, ali kudimba. Koma m'kamwa mwa Gologolo munali modzaza. Akanatha kulavula, inde. Koma kufuula ali m'nkhokwe kunali kudziulula yekha, ndipo mawu a a Fulu aja anali asanawaiwale. Nzeru zinamubwerera msanga monga mwa masiku onse. Amusiye apite pang'ono, iye atsike, akabise mtedza kuchulu, adutse chidule, akakumane naye pamphambano ngati munthu wosalakwa wongodziyendera, n'kumubweza. Akatero adzatchuka kuti ndiye anabweza mwana wa mayi Nkhanga, mtedza n'kukhala wake, m'mudzi osamupirikitsa. Anadziyamikira yekha mumtima kuti wobadwa ndi mutu ngati wake kulibe.

Mawanga anagwada m'fumbi. Anaika tsache lija pa udzu monga aikira katundu wa malemu pamanda, nawomba m'manja pang'onopang'ono, misozi ikutsika. Kulowa m'mudzi kuti akafunse kunamukanika. Akanawayang'ana bwanji abale, iye mwana amene sanaike mayi ake? Anadzuka, nakonza kaphukusi kake, natembenuka.

Atangokhota, Gologolo anatsika, nathamangira kuchulu, nalavulira mtedza m'dzenje. Ndipo apa ndi pamene ine amandipsetsa mtima, chifukwa anatayanso nthawi kukwirira dzenjelo bwinobwino, poopa akuba anzake. Kenako anadutsa chidule chija mwaliwiro, akukonza nkhope ndi mawu a malonje.

Pamphambano panalibe munthu. Mapazi a chala chopindika ankaonetsa kuti mwini wake anayamba kuyenda, kenako kuthamanga, kenako anathera pakati pa njira. Gologolo anawerengera zonse koma anaiwala chimodzi, kuti nkhanga zinthu zikaithina imauluka. Anakwera mumtengo nafuula dzina la Mawanga mpaka mawu anasasa. Anathamanga mpaka paphiri, napeza kuti kuseri kwake njira ndi zambiri, ndipo palibe imene inali ndi phazi.

Madzulo mayi Nkhanga pochokera kudimba anapeza tsache pa kapinga. Analitola, nalitembenuza. Mlaza wotero kumeneko sunkamera. Mfundo ya chingwe chomangira tsachelo inali ya mamangidwe amene iwo anaphunzitsa mwana mmodzi yekha. Anayang'ana pa kapinga, ndipo kapingayo anali biriwiri ngati sipanachitike kanthu. Anapita kumapeto kwake, pa fumbi la njira. Panali mapazi obwera, malo a mawondo awiri, ndi mapazi obwerera. Chala chamanzere chinali chopindika. Mayi amene anawerenga fumbi zaka zonse zija sanafunike womasulira.

Gologolo anafika ali wefuwefu, naima patali.

"Unamuona?" anafunsa mayi Nkhanga osacheuka.

"Ndinamuona, mayi."

"Wanenepa kapena waonda?"

"Waonda."

"Anati chiyani?"

Gologolo anawauza mawu onse monga anawamvera, osachotsa, osawonjezera, chinthu chimene anali asanachitepo chibadwire.

"Nanga iwe unati chiyani?"

Gologolo anayang'ana pansi. Mayi Nkhanga anayandikira, nachotsa kakhungu kofiira ka mtedza kamene kanakanirira pa ndevu zake, nakayang'ana padzanja pawo.

"Nkhokwe yonse ndikanakupatsa," anatero mofatsa. "Ndi ya chaka chamawa yomwe. Ukanangoti ali kudimba."

Kwa a Fulu sanapite. Anakatenga phale la mphika wosweka, navundikira phazi limodzi loonekera bwino chala chija, kuti mphepo isalifufute. Kenako anagwira m'mphepete mwa kapinga nayamba kuzula. Minga ya Nungu inali pafupipafupi monga Gologolo analamulira, moti zala zawo zinachucha magazi ntchito isanafike pakati. M'mawa mwake Gologolo anabwera nagwira mbali ina. Sanamuthamangitse, sanamuthokoze. Anakulunga mipukutu yonse nakaitaya kudzala, ndipo akuti ili komweko mpaka lero, yobiriwirabe, chiswe chikuilambalala.

Pansi pake anapeza pali gwa. Mvuu anali ataigwira bwino ntchito yake, moti ngakhale Njovu akanadutsa sipakanalembeka phazi. Mayi Nkhanga anayamba kupalasa ndi zikhadabo, pang'onopang'ono, lero apa mawa apo, mpaka fumbi linabwerera. Anabweza mafuwa pamalo pake. Ndipo tsiku lina dzuwa litapendeka anatenga tsache la mlaza lija, napita kunjira, nayamba kusesa chobwerera.

Nyimbo inabwera yokha. Inali yomwe ija, koma kumapeto inali ndi mawu atsopano. Inkauza mwanayo kuti udzu unanama, chitseko n'chotsegula, tsache lake linafika ndipo likusesa bwino, abwere adzaone. Njiwa zinali zitapita kale. Amene anavomera anali Gologolo, ali pamtengo wa kunjira, ndi mawu ake osasa aja osadziwa kuimba.

Ngati Mawanga anabweranso, ine sindinamve. Chimene ndimaona n'chakuti mpaka lero nkhanga imayenda mutu uli pansi, imapalasa paliponse pouma, ndipo dzuwa likamalowa imaitana mobwerezabwereza. Gologolo naye sachoka m'mitengo ya m'mbali mwa njira. Akangoona wina akudutsa, kaya ndi nyama kaya ndi munthu, amagwetsa chimene ali nacho m'kamwa n'kuyamba kulalata, mchira ukugwedezeka. Apaulendo amati akuwatukwana, ena mpaka amamugenda. Sakutukwana ayi. Sakufuna kudikira kuti aone kaye ngati wodutsayo akutsimphina kumanzere, ndiye amangouza aliyense kuti ali moyo, ali kudimba.

Nthano yanga ndaisesa mpaka kunjira. Tsache ndatsamiritsa apa.